Njoka ya nkhumba mu ubongo wa ana ndi achinyamata: mafunso ndi mayankho

Mafunso ali m'munsiwa ndi amene makolo, agogo, aphunzitsi ndi achinyamata a mu Blantyre amafunsa kawirikawiri akamva kuti mwana amene wayamba kukomoka angakhale ndi tizilombo ta njoka mu ubongo. Mayankhowa akuthandizani kumvetsa zimene a chipatala akunena, koma chigamulo cha mankhwala oti mwana amwe chikhale cha dokotala amene wamuona.

Kodi matendawa ndi otani, ndipo n'zoona kuti m'mutu mwa mwana mumakhala njoka?

Matendawa amayamba ndi njoka yam'mimba yaphwatalala yotchedwa Taenia solium, imene moyo wake umazungulira pakati pa munthu ndi nkhumba. Njoka yaikulu imakhala m'matumbo a munthu ndipo imatha kutalika mamita 2 mpaka 7, koma siichoka m'matumbomo kupita kumutu. Chimene chimafika mu ubongo ndi kachilombo koswedwa kuchokera m'dzira la njokayo, kamene kamadzitsekera m'kathuza ka madzi, kawirikawiri ka sentimita imodzi kapena kuchepera apo. Timatuza timeneti timathanso kukhala m'minofu, pansi pa khungu ndi m'diso. Tikakhala mu ubongo, madokotala amalemba dzina lakuti neurocysticercosis m'buku la kuchipatala la mwana.

Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linaika matendawa m'gulu la matenda onyalanyazidwa a m'madera otentha mu 2010, ndipo limanena kuti m'madera ambiri amene njokayi ndi yofala, anthu pafupifupi 30 mwa 100 aliwonse odwala khunyu amadwala chifukwa cha timatuza timeneti. Limeneli ndi khunyu loti likanatha kupewedwa.

Kodi tizilomboti timafika bwanji mu ubongo?

Apa ndi pamene anthu ambiri amasokonezeka, choncho tifotokoze mwadongosolo. Pali matenda awiri osiyana ochokera ku njoka imodzi. Munthu akadya nyama ya nkhumba yosapsa bwino imene ili ndi timatuza, kachilombo kamatuluka m'kathuzamo, n'kudzikola ku khoma la matumbo, ndipo pakatha miyezi iwiri kapena itatu kamakhala kasanduka njoka yaikulu. Awa ndi matenda oyamba, ndipo nthawi zambiri munthuyo samva kudwala kulikonse. Njokayo imadula tizidutswa ta thupi lake timene timatuluka ndi chimbudzi, ndipo kachidutswa kalikonse kamanyamula mazira masauzande ambiri, osaoneka ndi maso, amene amatha kukhala amoyo m'nthaka kwa miyezi.

Matenda achiwiri amabwera pamene mazirawa amezedwa. Nkhumba yoyendayenda ikadya chimbudzi cha munthu, mazirawo amaswa m'matumbo mwake, tizilombo timalowa m'magazi n'kukakhazikika m'minofu, ndipo nyama yake imadzaza timatuza. Mwana akameza mazira omwewo kudzera m'manja osasamba, m'chakudya chogwiridwa ndi munthu amene ali ndi njoka, m'madzi oipitsidwa kapena m'masamba ndi zipatso zosatsuka, zimene zimachitika m'thupi la nkhumba zimachitikanso m'thupi lake, ndipo magazi amatha kukasiya tizilomboto mu ubongo. Choncho nyama ya nkhumba imapereka njoka ya m'matumbo, pamene mazira a m'chimbudzi cha munthu ndi amene amadwalitsa ubongo. Munthu amene ali ndi njoka m'matumbo angathenso kudzipatsira yekha mazira ngati sasamba m'manja pochoka kuchimbudzi.

Banja lathu silidya nkhumba. Kodi mwana wathu angadwalebe?

Inde, angadwale. Mabanja achisilamu, a mpingo wa Seventh-day Adventist ndi ena onse amene sadya nkhumba ndi otetezeka ku njoka ya m'matumbo, koma mazira angawafikirebe monga tafotokozera pamwambapa. Mu 1992 madokotala anafalitsa nkhani ya Ayuda a mumzinda wa New York, amene sakhudza nkhumba ngakhale pang'ono, koma anapezeka ndi timatuza mu ubongo, ndipo kafukufuku analoza kwa anthu ogwira ntchito zapakhomo ochokera kumayiko amene njokayi ndi yofala. M'malo ngati Ndirande, Mbayani kapena Bangwe, kumene mabanja angapo amagwiritsa ntchito chimbudzi chimodzi ndipo ana amagula zakudya zogwiridwa ndi manja pachipata cha sukulu, kusadya nkhumba pakokha sikutchinga njira imeneyi. Ndi kulakwitsanso kuganiza kuti banja limene mwana wake wapezeka ndi matendawa limadya nkhumba mobisa.

Ndi zizindikiro ziti zimene zimaoneka mwa ana?

Chizindikiro chofala kwambiri ndi kukomoka mwa mwana amene anali bwinobwino ndipo thupi silinatenthe. Kawirikawiri kumayambira mbali imodzi: dzanja, mwendo kapena tsaya limayamba kugwedezeka lokha, maso amatembenukira mbali imodzi, kenako thupi lonse limatha kuuma ndi kuphiriphitha. Ana ena amangoyang'ana malo amodzi osayankha kwa kanthawi, ndipo ena amafooka dzanja kapena mwendo kwa maola angapo akatsitsimuka. Chizindikiro china ndi mutu wopweteka mobwerezabwereza.

Pali zizindikiro zimene zimafuna kuthamangira kuchipatala tsiku lomwelo: mutu wopweteka kwambiri pamodzi ndi kusanza, makamaka m'mawa, kuona zinthu ziwiriziwiri, kugona kwambiri mosadzutsika, kuyenda modzandira kapena kusokonezeka maganizo. Zimenezi zingatanthauze kuti kathuza katseka njira ya madzi a mu ubongo, kapena kuti timatuza tambirimbiri tatupitsa ubongo wonse, vuto limene limaoneka kwambiri mwa ana ndi atsikana achichepere. Ana ambiri, komabe, amapezeka ndi kathuza kamodzi kapena timatuza tochepa, ndipo amachira bwino akalandira chithandizo.

N'chifukwa chiyani mwana amayamba kudwala patapita nthawi yaitali?

Kathuza kamoyo kamadziwa kubisala kwa chitetezo cha thupi, ndipo kamatha kukhala mu ubongo zaka zingapo popanda chizindikiro chilichonse. Vuto limayamba pamene kachilombo kayamba kufa, chifukwa thupi limakazindikira n'kuyamba kulimbana nako, ndipo malo ozungulira kathuzako amatupa. Kutupa kumeneku ndi kumene kumayambitsa kukomoka. Pambuyo pake kathuzako kamafota n'kuzimiririka, kapena kamauma n'kusiya kachipsera kolimba kamene nthawi zina kamapitiriza kuyambitsa khunyu. Madokotala anadziwa kutalika kwa nthawiyi poona asilikali a ku Britain amene anakhalapo ku India, popeza ambiri mwa iwo anayamba kukomoka patapita zaka zingapo atatenga tizilomboti. Motero mwana wa ku Chilomoni amene wayamba kukomoka ali mu Sitandade 6 angakhale kuti anameza mazirawo ali wamng'ono, mwina panthawi imene ankakhala kumudzi kwa agogo ake, ndipo kufufuza chimene anadya sabata yatha sikuthandiza.

Kodi mwana aliyense wa khunyu ali ndi matendawa?

Ayi. Kuno kwathu khunyu la ana limabweranso chifukwa cha malungo a mu ubongo, matenda oumitsa khosi, kubanika pobadwa, kuvulala mutu pangozi, TB ya mu ubongo, zotupa, ndiponso lina limayenda m'magazi a banja. Kafukufuku wochitikira pachipatala cha Queen Elizabeth Central mu Blantyre momwemuno anaonetsa kuti ena mwa ana amene apulumuka malungo a mu ubongo amadzayamba khunyu pambuyo pake. Mwana wosakwana zaka 5 amathanso kukomoka chifukwa cha kutentha thupi kokha. Mwana akakomoka thupi likutentha, choyamba ndi kuyezetsa malungo msanga.

Mwana akakomoka pamaso panga ndichite chiyani?

Muchotseni pafupi ndi moto, mbaula, madzi kapena msewu, muike chinthu chofewa pansi pa mutu wake, mumasule zovala za pakhosi, ndipo kugwedezeka kukachepa mumugoneke chammbali kuti malovu ndi masanzi zituluke. Musaike supuni, chala kapena nsalu m'kamwa mwake, chifukwa munthu sangameze lilime lake, ndipo zinthu zimenezi zimathyola mano ndi kutseka mpweya. Musamupanikize, musamuthire madzi, musamufukize utsi, ndipo musamumwetse kanthu mpaka atatsitsimuka bwinobwino. Yang'anani nthawi. Kukomoka kukapitirira mphindi 5, kukabwereza mwana asanatsitsimuke, kapena ngati ndi koyamba, pitani naye kuchipatala mosazengereza. Ngati pali wina amene ali ndi foni, ajambule kanema wa zimene zikuchitika, chifukwa dokotala amaphunzira zambiri poona mbali imene kugwedezeka kunayambira.

Kodi mwanayu angapatsire anzake? Apitirize sukulu?

Timatuza ta mu ubongo sitituluka m'thupi, choncho mwana sangapatsire munthu kudzera m'thovu la kukamwa, m'mpweya, m'mkodzo, pogona mphasa imodzi kapena podyera mbale imodzi. Chikhulupiriro chakuti wogwira munthu wakhunyu nayenso adwala chavulaza ana ambiri, chifukwa anthu amathawa m'malo momukoka mwana pamoto, ndipo zipsera zamoto zimene timaona pa ana akhunyu zambiri zinabwera motero. Matendawa sachokeranso ku ufiti kapena mizimu. Banja likafuna kupemphera lipemphere, koma mankhwala asaimitsidwe.

Mwana apitirize sukulu. Makolo akauze aphunzitsi za matendawa ndi zoyenera kuchita akakomoka. Zoyenera kupewa mpaka dokotala atalola ndi kusambira mumtsinje, kutunga madzi pachitsime ali yekha, kukwera mitengo, kuphika pamoto popanda wamkulu ndi kupalasa njinga mumsewu wa magalimoto. Wopatsira ena ndi munthu amene ali ndi njoka m'matumbo, ndipo za iye onani yankho la funso lokhudza kuyezetsa anthu a pakhomo.

Kodi matendawa amayezedwa bwanji, ndipo tiyambire kuti mu Blantyre?

Yambirani pachipatala chaching'ono cha dera lanu, monga cha Ndirande, Limbe, Zingwangwa, Chilomoni kapena Bangwe, kumene angayeze malungo, kuyambitsa mankhwala oletsa kukomoka ndi kukutumizani ku Queen Elizabeth Central, chimene ambiri timachitcha Gulupu. Tengani buku la kuchipatala la mwana, ndipo mukhale okonzeka kunena tsiku limene anayamba kukomoka, mmene kumayambira, kumene mwana wakhalapo, ngati kumeneko nkhumba zimayendayenda, ndiponso ngati wina pakhomo anaonapo tizidutswa toyera taphwatalala m'chimbudzi chake.

Njira yodalirika yoonera timatuza ndi kujambula ubongo ndi makina a CT kapena MRI. Makina a CT amaona bwino timatuza touma, pamene a MRI amaona bwino tamoyo ndi tobisala m'njira za madzi a mu ubongo. Chithunzicho chimauza dokotala kuchuluka kwa timatuza, malo ake, ndiponso ngati tili tamoyo, tikufa kapena tauma, ndipo chithandizo chonse chimadalira zimenezi. Kuyeza magazi kulipo, koma kumatha kusaonetsa kanthu mwa mwana wa kathuza kamodzi, ndipo kumatha kuonetsa kuti mwana anakumanapo ndi tizilomboti pamene khunyu lake lili ndi chiyambi china. Kuyeza chimbudzi kumafufuza njoka ya m'matumbo, sikunena za ubongo. Makina ojambulira ndi ochepa m'dziko muno ndipo mwina mungadikire, koma mankhwala oletsa kukomoka sayembekezera chithunzi.

Chithandizo chake n'chotani?

Choyamba ndi kuletsa kukomoka ndi mankhwala monga carbamazepine, sodium valproate, phenobarbital kapena phenytoin. Chachiwiri, ngati chithunzi chaonetsa timatuza tamoyo kapena kamodzi kamene kakufa, dokotala amapereka albendazole molingana ndi kulemera kwa mwana, kawirikawiri kwa masiku 10 mpaka 14, ndipo timatuza tamoyo tikapitirira tiwiri amatha kuphatikiza ndi praziquantel. Mankhwala opha tizilombowa amaperekedwa limodzi ndi ochepetsa kutupa monga prednisolone kapena dexamethasone, amene amayambidwa tsiku limodzi kapena angapo m'mbuyo, chifukwa timatuza tikamafa ubongo umatupa. Asanayambe, dokotala amayang'ana mkati mwa diso, popeza kupha kathuza ka m'diso ndi mankhwala kungawononge kuona. Malangizo a WHO a kasamalidwe ka matendawa anatuluka mu 2021.

Pali nthawi zimene mankhwala opha tizilombo saperekedwa. Timatuza tikakhala tauma, mulibe chamoyo choti chiphedwe, ndipo mwana amangofunika mankhwala a khunyu. Ubongo ukatupa wonse chifukwa cha timatuza tambirimbiri, kupha tizilombo kungaike moyo pachiswe, choncho madokotala amayamba ndi kuchepetsa kutupa. Madzi akadzaza m'mutu pamafunika opaleshoni yochotsa kathuza kapena yoika kapaipi kotulutsa madziwo. Makolo ena amakhumudwa akauzidwa kuti mwana sapatsidwa mankhwala opha njoka, koma nthawi zambiri chimenecho ndi chisankho choteteza mwanayo.

Kodi sindingangogula albendazole kapena praziquantel kufamase n'kumupatsa?

Musatero. Piritsi limodzi la njoka zam'mimba limene ana amalandira silokwanira kupha timatuza ta mu ubongo, ndipo kumwetsa mwana mankhwala ambiri kwa masiku angapo popanda ochepetsa kutupa kungachititse kuti akomoke mosalekeza kapena ubongo utupe moopsa. Popanda chithunzi simungadziwe ngati pali kathuza kamodzi, timatuza tambirimbiri kapena vuto lina losakhudzana ndi njoka.

Nanga mankhwala a likodzo amene amagawidwa kusukulu?

Mankhwala a likodzo ndi praziquantel yemweyo, ndipo ntchito yogawa mankhwalawa ndi yofunika, chifukwa likodzo limawononga chikhodzodzo ndi chiwindi cha ana ambiri. Kwa ana ambiri palibe chodetsa nkhawa. Koma mwana amene anakomokapo, amene amadwala mutu kwambiri mobwerezabwereza, amene ali ndi timabulu tolimba pansi pa khungu, kapena amene anapezeka kale ndi timatuza, asamwe mankhwalawa pamzere wa kusukulu: makolo auze aphunzitsi ndi alangizi a zaumoyo kuti aonedwe kaye kuchipatala. Mwana akayamba mutu woopsa, kusanza kosalekeza kapena kukomoka m'masiku otsatira kumwa mankhwalawa, pitani naye kuchipatala ndipo munene mankhwala amene anamwa ndi tsiku lake.

Kodi mankhwala a khunyu adzamwa moyo wake wonse?

Ana ambiri sadzatero. Kathuza kakazimiririka pachithunzi chobwereza, chimene chimajambulidwa pakatha miyezi pafupifupi 6, ndipo mwana sanakomokenso kwa miyezi 6, dokotala angayambe kuchepetsa mankhwala pang'onopang'ono. Pakatsala kachipsera kouma, amapitiriza mpaka patatha zaka zosachepera 2 osakomoka. Kusiya mwadzidzidzi, kaya chifukwa mwana akuoneka bwino kapena mankhwala atha, ndi chimodzi mwa zifukwa zazikulu zimene ana amabwerera kuchipatala akukomoka mosalekeza, choncho kalandireni ena asanathe.

Achinyamata ali ndi mfundo zina zofunika kuziulula kwa dokotala popanda manyazi. Sodium valproate angavulaze mwana wosabadwa, motero mtsikana amene watha msinkhu akambirane ndi dokotala za mankhwala oyenera. Carbamazepine, phenytoin ndi phenobarbital amafooketsa mapiritsi olera ndi njira yolera ya pamkono, ndipo amachepetsanso mphamvu ya ma ARV ena monga dolutegravir, choncho amene akumwa ma ARV anene msanga. Albendazole amapewedwa m'miyezi itatu yoyambirira ya pakati. Mowa, chamba ndi kuchezera usiku wonse powerenga mayeso zimadzutsa kukomoka.

Kodi anthu ena a pakhomo ayezedwe?

Inde, ndipo mfundo imeneyi ndi imene imaiwalika kwambiri. Mwana wopezeka ndi timatuza anameza mazira ochokera kwa munthu, ndipo kawirikawiri munthuyo ndi wapafupi: kholo, mbale, wophika kapena mwanayo mwini. Ngati njokayo ikadali m'matumbo a munthuyo, ana ena a pakhomo akumezabe mazira. Onse a pakhomo akayezetse chimbudzi, makamaka amene anaonapo tizidutswa toyera. Njoka ya m'matumbo imafa ndi mankhwala omwa kamodzi a niclosamide kapena praziquantel, kapena albendazole wa masiku atatu, ndipo a chipatala ndi amene asankhe poganizira kuti munthuyo angakhalenso ndi timatuza mu ubongo. M'masiku otsatira chithandizo agwiritse ntchito chimbudzi chokumba kapena chamadzi ndi kusamba m'manja ndi sopo mosamala kwambiri, chifukwa mazira amatuluka ambiri. Munthuyu asanyozedwe kapena kuchotsedwa ntchito, popeza mwina sankadziwa n'komwe, ndipo mankhwala akachotsa njokayo sapatsiranso.

Tingateteze bwanji ana pakhomo?

Chimbudzi chokhala ndi chivundikiro ndi chitseko choti nkhumba isalowe, chimene ana nawonso akugwiritsa ntchito, ndicho chitetezo chachikulu. Chimbudzi cha mwana wamng'ono chitayidwe m'dzenje momwemo, osati kuseri kwa nyumba. Mpondagiya ndi sopo zikhale pafupi, ndipo wophika asambe m'manja asanagwire chakudya. Kusamba m'manja mothirirana n'kwabwino kuposa kusambira onse m'beseni limodzi. Masamba ochokera m'madimba othiriridwa ndi madzi a m'mitsinje yodutsa m'tauni, monga Mudi, aphikidwe, ndipo tomato, kabichi ndi zipatso zodya zosaphika zitsukidwe ndi madzi aukhondo kapena kusendedwa. Klorini amene tinazolowera panthawi ya kolera ya 2022 ndi 2023 amapha tizilombo ta kolera, koma sadalirika pa mazira a njoka, choncho madzi a pachitsime chosatetezedwa kapena a mumtsinje awiritsidwe. Nthawi ya mvula zimbudzi zikagwa kapena kusefukira, monga zinachitikira ku Chilobwe ndi madera ena panthawi ya namondwe Freddy mu Malichi 2023, kukumba china msanga kumateteza ku matendawanso.

Kodi tisiye kudya nyama ya nkhumba?

Sikofunika kusiya, koma ipse mpaka mkati, osatsala pofiira kapena pamagazi. Kanyenya wootchedwa mofulumira pamoto waukulu ndi nyama yokazingidwa pachiwaya m'zidutswa zikuluzikulu zimatha kupsa kunja mkati muli mwamuwisi, ndipo kusuta pautsi kapena kuthira mchere sikudalirika. Pogula, yang'anani timatuza toyera tonga njere za mpunga m'minofu, makamaka ya lilime, ya m'masaya, ya mtima ndi ya mapewa. Nyama yotere isagulidwe ngakhale itatsika mtengo chotani, ndipo kudula mbali yooneka timatuza sikuiyeretsa. Gulani nyama yoyezedwa ndi a zaziweto. Matendawa ndi osiyana ndi chigodola cha nkhumba, chimene chimapha nkhumba koma sichigwira anthu.

Oweta nkhumba angachitepo chiyani?

Nkhumba zambiri zodyedwa mu Blantyre zimachokera kwa alimi ang'onoang'ono a m'midzi yozungulira mzindawu ndi maboma oyandikana nawo, ndipo nkhumba imene imakhala m'khola nthawi zonse, osafika pa chimbudzi cha munthu, siitenga timatuza. Vuto limakula m'chilimwe pamene alimi amamasula nkhumba kuti zizidzifunira chakudya. Ogula nkhumba amakonda kuyang'ana pansi pa lilime, koma njira imeneyi imagwira nkhumba zodzaza kwambiri timatuza zokha, ndipo zambiri zodwala pang'ono zimadutsa.

Pali mankhwala a oxfendazole amene amapha timatuza m'minofu ya nkhumba ikapatsidwa kamodzi, ndipo iyenera kudikira masiku amene alangizi a ziweto anganene isanaphedwe. Palinso katemera wa nkhumba wotchedwa TSOL18, amene anapangidwa ku yunivesite ya Melbourne ku Australia ndipo anavomerezedwa kugulitsidwa ku India mu 2016. M'chaka chomwecho ofufuza anafalitsa zotsatira za ntchito ya m'chigawo cha Tumbes ku Peru, kumene kupereka mankhwala kwa anthu, kupereka oxfendazole kwa nkhumba ndi kuzibaya katemerayu zinadula kufala kwa njokayi pafupifupi m'midzi yonse imene anagwiramo ntchito. Mlimi amene nkhumba yake yapezeka ndi timatuza adziwe kuti pakhomo pake kapena kwa anansi ake pali munthu amene ali ndi njoka m'matumbo, ndipo auze alangizi a ziweto pamodzi ndi alangizi a zaumoyo a dera lake kuti anthu a pamalopo akayezedwe.